Kusaka chidutswa cha mawu mu MediaWiki

Pa wiki yolembedwa m'Chichewa yoyendera MediaWiki (pulogalamu yopangira mawiki), ukalemba "phunzira" m'bokosi losakira, masamba okhala ndi "anaphunzira" kapena "tikuphunzira" satuluka. Chosakira chobwera ndi MediaWiki chimadalira FULLTEXT, njira yosakira ya database ya MySQL, imene imasunga mawu athunthu. Nyenyezi (*), yoimira zilembo zilizonse, imagwira kumapeto kokha: phunzi* ipeza "phunziro", koma yakutsogolo ilibe ntchito. Kwa ife ndi vuto lalikulu, poti tsinde la mneni limakhala pakati pa liwu.

Mankhwala ake ndi CirrusSearch, chowonjezera (extension) cha MediaWiki chosakira, chomwe Wikipedia imagwiritsa ntchito. Chimafuna Elasticsearch (pulogalamu yosakira yoyenda payokha) ndi Elastica (yolumikiza MediaWiki ndi Elasticsearch), ndipo Elasticsearch imadya RAM, kotero pa hosting yogawana ndi ena musavutike, pezani VPS (seva yobwereka yomwe mumayendetsa nokha). MediaWiki 1.39 imafuna Elasticsearch 7.10.2 yeniyeniyo. Mukaika ina yatsopano poganiza kuti ndi yabwino, index (mndandanda wa mawu womwe chosakira chimayang'anamo) ikana kumangika.

Mu LocalSettings.php, fayilo ya makonzedwe a wiki, itanani Elastica ndi CirrusSearch ndi wfLoadExtension, kenako muike $wgDisableSearchUpdate = true. Yendetsani UpdateSearchIndexConfig.php, mufufute mzere wa $wgDisableSearchUpdate uja, muyendetse ForceSearchIndex.php kawiri: koyamba ndi --skipLinks --indexOnSkip, kachiwiri ndi --skipParse. Pomaliza pake ndiye $wgSearchType = 'CirrusSearch'. Apa *phunzir* iyamba kugwira, bola $wgCirrusSearchAllowLeadingWildcard ikhale true, monga imabwerera kale. Ena amaizimitsa chifukwa nyenyezi yakutsogolo imalemetsa seva. Pa wiki yaing'ono isiyeni, siikupwetekani.

Kusaka chidutswa chilichonse, ngakhale chodutsa malire a mawu awiri, kumafuna insource:/phunzir/i. Chilembo i chakumapetocho n'chofunika, apo ayi "Phunzirani" wa P wamkulu adumphidwa. Kusaka kotereku kumadalira plugin ya Wikimedia yotchedwa extra, yoikidwa mu Elasticsearch ndi yogwirizana ndi Elasticsearch yanu, ndi mzere uwu: $wgCirrusSearchWikimediaExtraPlugin['regex'] = ['build', 'use']. Plugin imeneyi imaduladula zolemba m'magulu a zilembo zitatuzitatu (phu, hun, unz), n'kuyamba yasefa masamba ndi maguluwo. N'chifukwa chake chidutswa cha zilembo ziwiri chimachedwa kwambiri: palibe chosefera, seva imawerenga tsamba lililonse, mwina mpaka nthawi kuithera. Ngati index munamanga kale, imangeninso ndi UpdateSearchIndexConfig.php --reindexAndRemoveOk --indexIdentifier now.

Masamba atsopano akapanda kuoneka posaka, musathamangire kuimba mlandu Elasticsearch. Kawirikawiri ndi ntchito za MediaWiki zomwe zaunjikana pamzere kudikira kuchitidwa, ndiye ikani runJobs.php pa cron (choyendetsa malamulo pa nthawi yoikika) iziyenda mphindi zingapo zilizonse.