Tikuthokoza nonse amene munatigwira dzanja pa matenda ndi maliro a amayi athu

Mitima yakhazikikako pang'ono tsopano, ndiye ife ana ndi adzukulu tati tilembe mawu awa. Pa maliro a amayi athu munabwera ochuluka moti sitinathe kupereka moni kwa aliyense, ena tinangokuonerani patali misozi ili m'maso. Mutikhululukire. Abusa, akulu a mpingo, akwaya, anansi, amene munatumiza chipepeso, ndi inu amene munkaimba foni usiku kufunsa kuti odwala agona bwanji, Mulungu abwezere pomwe mwachotsa.

Mwapadera tikuthokoza inu amayi a mpingo amene munkasinthana kuwadwazika miyezi 7 yonse imene anagona atadwala sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, kulankhula kunavuta, koma thupi lawo silinatuluke chilonda ngakhale chimodzi. Amene anadwazikapo munthu wosatha kudzitembenuza yekha akudziwa kuti zimenezi sizichitika mwamwayi.

Luso limeneli anakuphunzitsani ndi iwo omwe, pa zaka zambiri zimene ankatsogolera gulu loyendera odwala. Ankakonda nkhani ya Dorika wa ku Yopa, pa Machitidwe 9, amene akazi amasiye anaonetsa Petro zovala zimene anawasokera. Kwa amayi athu, kukapemphera ndi wodwala n'kumusiya pa zofunda zonyowa kunali kusiya ntchito panjira. Tikulemba pano zimene ankaphunzitsa, poti ambiri mwatipempha.

Wodwala wogonera amatembenuzidwa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku: kumanzere, chagada, kumanja. Chilonda chimayamba pomwe fupa latsamira pamphasa kapena pamatiresi nthawi yaitali, magazi n'kulephera kufika pakhungu. Malo oyang'ana tsiku lililonse ndi m'chiuno, kumunsi kwa msana, zidendene, zigongono ndi mapewa. Mukaona pamene pafiira kapena pada kuposa khungu lozungulira, pakutentha kapena paumirira, musapatikite. Ambiri amalakwitsa pamenepa poganiza kuti akuthandiza magazi kuyenda, chonsecho akuwononga mnofu umene wavulala kale. Ingomugonekani mbali ina kuti malowo apume, ndipo akapanda kusintha uzani anamwino. Pilo mmodzi aikidwe pakati pa mawondo akagona chammbali, wina pansi pa akatumba akagona chagada kuti zidendene zikhale m'malere. Pomusuntha mukhale awiri, mumunyamule ndi nsalu yoyala, osamukoka, chifukwa kukoka kumasupula khungu. Nsaluyo ikhale youma ndi yowongoka. Kakhwinya kamodzi kapena kanyenyeswa ka chakudya n'kokwanira kuyambitsa bala.

Pa kadyetsedwe ndiye sankanyengerera munthu. Wodwala sitiroko amavutika kumeza, choncho sadyetsedwa ali chigonere. Amukhazike tsonga, mutu uweramire pang'ono kutsogolo, kasupuni kakang'ono, ndipo wodyetsa adikire mpaka aone kuti wameza. Akatha kudya akhalebe tsonga mphindi 30, kenako muyang'ane m'tsaya la mbali yakufayo, poti chakudya chimabisala m'menemo. Akamatsamwa pafupipafupi kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, lekani kudyetsa, funsani kuchipatala. Chakudya chikalowera kumapapo chimabweretsa chibayo, ndipo odwala ambiri otere chimawatenga n'chibayocho.

Amayi a ana aang'ono ambiri mwatikumbutsa za madzi a mchere ndi shuga. Mwana akatsegula m'mimba ndipo paketi ya kuchipatala palibe, muyeso wake ndi lita imodzi ya madzi owiritsa atazizira, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga mutasalaza pamwamba, ndi theka la supuni yomweyo la mchere. Mchere ukachuluka umavulaza mwana, shuga akachuluka kutsegulako kumakula. Ankati mulawe kaye, asawawe mchere kuposa misozi. Otsala akatha maola 24 atayidwe, ndipo madziwo salowa m'malo mwa ulendo wa kuchipatala.

Mphamvu za zonsezi ankazitenga m'mamawa, nyumba yonse isanadzuke. Baibulo lawo lili ndi mabuku 66, mitu 1,189, ndipo ankalimaliza chaka ndi chaka powerenga mitu itatu patsiku, Lamulungu isanu. Ankadziwa kuti oyamba kumene amagwera pa Levitiko, mwezi woyamba ukangotha, ndiye ankawauza kuti akhale awiriawiri, azifunsana pomwe afika. Wotsalira masiku angapo ankamuletsa kulipira ngongole yonse tsiku limodzi, poti amatopa n'kusiyiratu. Angoonjezera mutu umodzi patsiku mpaka apeze anzake. Maso atayamba kuvuta, adzukulu ndiwo ankawawerengera mokweza, ndipo mwana akadumpha vesi iwo ankatukula chala. Ngakhale sitiroko itatseka pakamwa, chala cha kumanzerecho chinkatukukabe. Inu a kwaya munaona nokha milomo ikutsatira nyimbo pomwe mawu ankakana.

Pakhomo anali mayi wa aliyense. Ana amasiye amene anakulira m'manja mwawo sankawatchula kuti alendo, ndipo pa malirowa munthu sakanatha kusiyanitsa wobadwa ndi woleredwa. Inu abale athu amene munachokera kutali kudzanyamula bokosi la mayi wanu, zikomo.

Tithokozenso madokotala ndi anamwino amene munawalandira tsiku loyamba lija, ndi aneba amene munazindikira msanga kuti kukamwa kwapotoka, dzanja lalefuka, mawu sakumveka, n'kuthamanga nawo kuchipatala osadikira kuti kuche. Zizindikiro zitatuzo munaziphunzira kwa amayi athu omwewo.

Kope limene ankalembamo mayina a odwala, tsiku lowayendera ndi zosowa zawo talipereka kwa mlembi wa gulu la amayi. Njinga yawo yokankha, mapilo anayi ndi pulasitiki yoyala pamatiresi tazisiyanso m'manja mwa gululi kuti zizibwerekedwa. Amene muli ndi wodwala wogonera pakhomo, kaonaneni ndi amayiwa mapemphero a Lamulungu akatha, adzabwera awiri kudzakuonetsani katembenuzidwe kake.