Zikomo nonse, chaka chakwana mwana wanga osagwa

Lero chakwana chaka chathunthu mwana wanga wachisamba osagwa khunyu. Ndimati ndikangothokoza kutchalitchi basi, koma amene munatigwira dzanja ndinu ambiri ndipo ena muli kutali, ndiye ndati ndilembe pano.

Anayamba kugwa mu 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa kumene, tikukonza khoma la kumbuyo lomwe linagwa ndi mvula kuno ku Chinamwali. Usiku woyambawo sindidzauiwala. Tinamva kugunda pansi, pounika ndi foni tinamupeza wauma gwa, maso atembenuzika, thovu kukamwa. Bambo ake anathamangira supuni kuti asadzilume lilime, ine ndikungokuwa dzina la Yesu. Pambuyo pake anamwino anatilangiza kuti mkamwa musamaikidwe kanthu, tizingomugoneka chammbali, kuchotsa mbaula ndi mipando pafupi, mpaka atsitsimuke. Anatiuzanso kuti malovu ake sapatsira aliyense, chifukwa anzake anali atayamba kale kumuthawa pa mjigo.

Apa ndiulule tchimo langa. Achibale ena ananong'ona kuti pali dzanja la munthu, ndipo chala chinaloza apongozi anga a ku Jali. Ndinakhulupirira. Amabwera pa kabaza atanyamula ufa ndi nsomba zouma za ku Kachulu, ine ndimalandira ndi manja awiri, akangotembenuka ndimakagawira aneba. Mdzukulu wawo ndimamutsekera kuchipinda. Ndimasala kudya, ndimakwera kuphiri kukapemphera m'bandakucha, koma pemphero lonse linali lakuti moto utsike pa mayi wokalamba uja. Ine ndimaona ngati ndikumenya nkhondo yauzimu.

Anandiwongola ndi mayi wina wachikulire wa ku Mvano, Lachinayi lina titaweruka. Anandikhazika pakhonde, natsegula Aefeso 6, nandiuza ndiwerenge ndekha mokweza vesi 12, imene imati kulimbana kwathu sitilimbana ndi thupi ndi mwazi koma ndi mizimu yoipa. Nditamaliza anafunsa, "Mwana wanga, apongozi akowo alibe thupi ndi mwazi? Nanga Paulo akuti tikulimbana ndi ndani?" Ndinasowa poyika nkhope. Anandionetsanso kuti pa zida zonse za Mulungu zotchulidwa m'mutu umenewo, lamba wa choonadi, chapachifuwa cha chilungamo, chishango cha chikhulupiriro, palibe chakuti ukabaye nacho m'bale wako, ndipo nsapato zake n'za uthenga wa mtendere. Mdani anali atalowa kale m'nyumba mwanga kudzera m'mantha ndi chidani, ine ndili kalikiliki kumufuna ku Jali.

Kuyambira tsiku limenelo pemphero langa linafupika. Ndinabwereka la mfumu Yehosafati pa 2 Mbiri 20, pamene anavomera pamaso pa Ayuda onse kuti mphamvu alibe, chochita sakuchidziwa, maso ali kwa Mulungu. Masiku ena sindimatha kunena zoposa pamenepo. Mankhwala akuchipatala, omwe ndimamupatsa modumphadumpha poganiza kuti kumwetsa mapiritsi n'kuchepa chikhulupiriro, ndinayamba kumupatsa tsiku ndi tsiku, nthawi yomweyomweyo.

Ku Jali ndinapita ndekha. Ndinawapeza akusenda chinangwa, ndinagwada pa dothi pomwepo n'kuwauza zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndimadziwa, mayi. Ufa wanga ndinauona kwa aneba anu." Atatero anandiuza ndidzuke, ndikawabweretsere mdzukulu wawo.

Zikomo amayi a Mvano chifukwa chosinthana kudzagona kwathu pamene ankagwa katatu pa mlungu. Zikomo abusa ndi akulu a mpingo, simunatiuzepo kuti titaye mankhwala. Zikomo adokotala ndi anamwino amene munapirira mafunso anga. Aphunzitsi ake, munamusunthira pa benchi ya kutsogolo n'kuwafotokozera anzake kuti asamuseke, Ambuye akukumbukireni. Anzanga a mumsika amene mumandigulitsira tomato ndikakhala pa mzere kuchipatala, ndalama yake ndimaipeza yokwana, ngakhale K100 siinasowepo. Bambo a kunyumba, munandipirira ndikunyoza mayi anu okuberekani.

Mankhwala akumwabe, ndipo adokotala ati tisasiye tokha, choncho musaleke kutikumbukira. Lamulungu likudzali tikapereka chopereka cha chithokozo pa mapemphero a Chichewa. Apongozi afika Loweruka, ndipo atumiza kale uthenga kuti nkhuku tisagule, abweretsa tambala wawo.