Corolla yomwe imakana mtunda wa Ku Chawe

Sabata ino yathera pa galimoto imodzi, Corolla AE100 ya 1994, injini 5A-FE. Eni ake ndi madala ena a ku Matawale ku Zomba, aphunzitsi opuma, anafika pa galaja Lolemba mmawa. Akuti "amisiri, galimotoyi sikukoka, mtauni ikuyenda bwinobwino koma ndikangoyamba mtunda wa Ku Chawe ikumabanika, olo giya 2 ikukanika." Kwinakwake anali atawauza kale kuti injini yatha ikufunika ovaholo, kuiphwasula yonse nkuikonzanso, moti madalawo amafuna agulitse chimanga chawo kuti apeze ndalama. Zinandipweteka mtima, munthu ungaweruze bwanji injini usanaiyeze?

Ndinayamba ndi zotchipa. Air filter inali fumbi lokhalokha, mapulagi atatu anali bwinoko koma imodzi yakuda bii ndipo waya wake anali wong'ambika, tinasintha. Kilatchi ndinaichotsa pa mlandu msanga, ikamaterera ma rev amakwera liwiro osakwera, pomwe iyi ma rev enieniwo amakana kudutsa 3,000. Magalimoto akalewa safuna kompyuta, umangolumikiza timabowo ta TE1 ndi E1 pa kabokosi koyezera ndi kawaya nkumawerenga kuphethira kwa nyali ya check engine. Panalibe code, nambala yosonyeza vuto.

Lachiwiri tinayeza compression, mphamvu yomwe injini imapanikizira mpweya mkati, masilinda onse 4 anali pakati pa 11 ndi 12 kg/cm², pomwe injini imeneyi imayamba kudandaulitsa ikatsika pansi pa 10. Ndinawaimbira pompo, madala chimanga chija musagulitse, injini yanu ndi yamoyo.

Lachitatu mafuta. Anavomera okha kuti petulo atasowa ankagula wa mzigubu, ndipo fuel filter titaikhuthula munatuluka zofiirira ngati thobwa. Tinaika yatsopano, pampu ikupereka pafupifupi 2.8 kg/cm² monga zimafunikira, ine nkumati tathana nazo. Kukayesa pa mtunda, yasinthako pang'ono chabe. Usiku umenewo tulo sindinagone bwino.

Lachinayi nditamaliza mabuleki a Sienta ina ya ku Chinamwali ndinabwerera pa Corolla nkuyang'ana ma timing mark, zizindikiro zoonetsa ngati zamkati mwa injini zikuyenda pa nthawi yake, ali mmalo mwake. Kenako mnyamata wanga ndi amene anati "bwana, ku ekizozi kukutuluka mpweya wochepa bwanji?" Kuika dzanja kumbuyo, zoonadi, kampweya kofooka, chonsecho kunsi kwa galimoto kukutentha koopsa. Tinamasula paipi kutsogolo kwa catalytic converter, chigoba cha pa ekizozi chokhala ndi zisa zoyeretsa utsi mkati, nkuyendetsa galimoto choncho, phokoso ngati thirakitala koma mphamvu yonse inabwerera. Titatsitsa converter ija, zisa zamkati zija zinali zitasungunuka nkutseka njira. Pulagi yosayaka ija imatumiza petulo wosapsa ku ekizozi, amakapsera mmenemo mpaka kusungunula, ndiye injini imakoka mpweya koma kotulutsira utsi kulibe, pa mtunda mpomwe imatsamwa kwambiri.

Ambiri amangogogoda zamkatizo nkubwezera chigoba, ine sindikonda, utsi wakewo timapuma ndife tomwe ndi ana athu. Ndinawafotokozera zonse madala aja, anasankha kuti tipeze ina yogwirapo kale ntchito, inachokera ku Limbe Lachisanu madzulo.

Loweruka mmawa ndinawapatsa makiyi kuti ayendetse okha ine ndili pambali. Tinakwera makhona onse aja, mwambiri pa giya 3, mpaka pa damu la Mulunguzi, singano ya temperature ili pakati osasuntha. Atayimitsa anakhala kaye chete manja ali pa chiwongolero, kenako akuti titsike tikwerenso kachiwiri.