Tsiku limene ndinamwalira ku Luss

Aphunzitsi athu a zisudzo anafapo katatu pa TV, ndipo ankazitchula imfa zimenezi monyadira ngati mmene ena amatchulira madigiri awo. Koyamba anawavuula mumtsinje wa Clyde, kachiwiri anawapeza m'bafa, kachitatu anangooneka mapazi okha koma malipiro anali omwewo. Ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, izi si zachilendo. Sewero la apolisi la Taggart linajambulidwa mumzindawu kuyambira 1983 mpaka 2010, ndipo nkhani zake sizinkayenda popanda mtembo.

Atatopa ndi za pa TV, mayiwa anayamba kuphunzitsa zisudzo Lachiwiri madzulo muholo ya tchalitchi china ku Partick, dera la mumzinda womwewo. Ine ndinalowa kalasiyo kuti makutu azolowere Chingerezi cha anthu a kuno, chimene chimamveka ngati munthu akulankhula mbatata yotentha ili m'kamwa. Ndiye m'mwezi wa July, anyamata ena ophunzira kujambula mafilimu anabwera kudzapempha munthu woti akhale mtembo. Aphunzitsi anandiyang'ana n'kuti ine ndine woyenera, poti pa masewera onse a m'kalasi, amene ndinkachita bwino anali ongokhala chete.

Kufa n'kovuta, abale. Anandiphunzitsa milungu iwiri. Choyamba, usagonere mkono, chifukwa pakatha mphindi 10 umachita dzanzi ndipo zala zimayamba kugwedezeka zokha. Maso usatseke, poti zikope zotseka zimanjenjemera ndipo kamera imaona. Uwasiye otseguka pang'ono, uyang'ane chinthu chimodzi chakutali. Nsagwada uzilekerere. Malovu umeze asanayambe kujambula, chifukwa kholingo likangoyenda, mtembo wadzuka. Za mpweya ndiye pali msampha. Anthu ambiri amakoka mpweya wodzaza chifuwa n'kuugwira, koma chifuwa chimatukuka, nkhope imalimba, misempha ya m'khosi imaonekera. Choyenera n'kupuma bwinobwino katatu, kutulutsa theka la mpweyawo, ndiyeno n'kuima pamene wotsogolera wakuwa kuti "Action". Masekondi 20 kapena 30 amakwana. Akafuna kupitirira apo, upume pang'onopang'ono cha m'mimba, malaya akhale otaya.

Magazi tinapanga tokha m'khitchini ya tchalitchi: masupuni aakulu 4 a manyuchi aja amati golden syrup, supuni imodzi ya madzi, kasupuni kakang'ono ka utoto wofiira wa zakudya, dontho limodzi la utoto wa buluu, ndi theka la kasupuni ka koko. Ofiira okha pa kamera amaoneka ngati tomato sosi, koko ndi amene amawadetsa kuti akhale ngati enieni. Ukadonthezamo sopo wotsukira mbale amachoka msanga pa zovala, koma amenewo asayandikire pakamwa.

Tinakajambulira ku Luss, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja ya Loch Lomond kumene a wailesi ya kanema ya STV ankajambulako sewero la Take the High Road. Tinayamba 8 koloko madzulo, poti nthawi imeneyo ya chaka dzuwa la kuno limalowa 9 koloko itadutsa kale. Anandigoneka chagada pa timiyala ta m'gombe, n'kundipaka magazi aja pachipumi ndi pakhosi. Kenako mtsikana wina anandijambula chithunzi. Imeneyo ndi ntchito yake: akabwereza kujambula, amayang'ana chithunzicho kuti mutu, mkono ndi magazi zikhale ndendende ngati poyamba. Ndinachiona, n'kuchikonda. Ndinali nditafa mokongola. Ndinamupempha kuti anditumizire, ndipo ndinachiika pa status ya WhatsApp. Mawu ofotokoza ndinati ndilemba pambuyo, chifukwa anali atayamba kale kukuwa kuti mafoni onse atsekedwe mawu. Foni yanga ndinaiponya m'chikwama.

Chimene aphunzitsi sanaike m'maphunziro ndi tizilombo totchedwa midge. Udzudzu wa ku Nsanje ndi waulemu, umabwera ukuimba kuti ukonzeke. Iti n'tating'ono ngati fumbi, timabwera gulu, timakonda madzulo kopanda mphepo pafupi ndi madzi, ndipo timatsatira mpweya umene munthu akutulutsa. Anzanga onse anali atavala maukonde kumutu. Mtembo suvala ukonde.

Ulendo woyamba ndinapirira masekondi 12, mphuno inakwinya. Wachiwiri tinalowa m'khutu. Wachitatu tinamatirira m'manyuchi aja pachipumi, n'kumapalapata, ine n'kumamva mwendo uliwonse. Aphunzitsi anagwada pambali panga n'kunong'ona kuti ndiganize za malo amtendere. Ndinaganiza za kwathu ku Ntcheu. Ulendo wachisanu ndi chiwiri, wosewera ngati wapolisi anawerama n'kunena mwachisoni kuti munthuyu wafa maola angapo apitawo, ndipo malemu anadzimenya mbama yomveka mpaka tsidya la nyanja.

Tinamaliza cha m'ma 10. M'galimoto, nkhope itatupa ngati mandasi, ndinatulutsa foni. Mafoni 47 osayankhidwa. Kwathu nthawi imatsogola ndi ola limodzi m'miyezi imeneyi, ndiye kunali kutadutsa 11 usiku, koma palibe anagona.

Anayamba kuona chithunzicho ndi mlongo wanga. Anaimba, osayankhidwa. Anatumizira amalume, amalume anaimba, osayankhidwa. Chithunzi chinalowa pagulu la banja, chinatulukira pagulu la kumpingo. Pofika nthawi imeneyo uthenga unali utapita kale kwa amfumu, amayi a m'mudzi anali atadzaza m'nyumba, abambo atakoleza moto panja, ndipo msuweni wanga wa ku Johannesburg anali atatsegula gulu latsopano losonkhetsa ndalama zonyamulira thupi, chithunzi cha gululo ndili ine nditavala suti ya pa ukwati.

Ndinaimbira mlongo wanga. Atamva mawu anga anakuwa, foni n'kugwa pansi. Ndinamva mapazi a anthu akuthawa. Amene anaitola ndi amayi.

"Ndani?"

"Ndine, amayi. Ndili moyo. Linali sewero chabe."

Kunali zii kwa kanthawi. "Magazi aja?"

"Ndi manyuchi, amayi."

"Iwe mwana iwe, tinagulitsa ng'ombe kuti upite kunjako ukadzipake manyuchi?"

Lachiwiri lotsatira ndinawafotokozera aphunzitsi zonse. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anapukuta misozi n'kunena kuti pa imfa zawo zitatu zija, palibe ngakhale imodzi imene inakhutiritsa mudzi wathunthu. Filimuyo itatuluka, ndinaonekamo masekondi 4, kuyambira m'mawondo kutsika.

Amalume sanaseke mpaka lero. Monga mwini mbumba, iwo sanafune kuti anthu odzakhuza maliro awapeze osakonzeka, choncho mbuzi inali itaphedwa kale nthawi imene ndinkaimba ija. Anthu anaidya mawa lake pothokoza Mulungu kuti ndauka. Mtengo wake ananditumizira pa WhatsApp, pamodzi ndi wa matumba awiri a ufa ndi nkhuni.