Kuchotsa hita pulagi yokakamira pa injini ya 3L

Hita pulagi (kachitsulo kotenthetsa kothandiza injini ya dizilo kulira ikazizira) ya mazinga a 10 mm, ngati za mu injini ya Toyota 3L, imatha kuduka mukangopyola 35 Nm pomasula; Nm ndi muyezo wa mphamvu yopotozera sipanala. Mphamvutu imeneyi ndi yochepa. Nati ya tayala la Hilux ya injini yomweyi timaimanga pafupifupi katatu kuposa pamenepo. Ndiye munthu wozolowera kuponda sipanala ndi mwendo akafika pa hita pulagi, kantchito kotchipa kamathera pochotsa hedi, mutu wa injini. Ine ndinayamba ntchitoyi nambala imeneyi ili m'mutu.

Hilux yanga ndi yakale, ya malita 2.8, ndipo imagona panja kuno ku Dedza. Chisanu cha June chitafika inayamba kuvuta m'mamawa: sitata kuzungulira mpaka batire kufooka, ikalira n'kumanjenjemera, utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa uli tolotolo. Masana ikatentha, kungogwira kiyi yalira kale. Injini za mtundu uwu, 2L, 3L ndi 5L ya m'maminibasi ija, zimapopera dizilo m'kachipinda kakang'ono ka m'hedi, osati pamwamba pa pisitoni. Chitsulo cha kachipindako chikazizira chimamwa kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, dizilo osayaka. Nsonga ya hita pulagi imakhala m'menemo, imafiira psu kupyola madigiri 800, moto n'kuyambira pamenepo. Ena amathawa vutoli pogoneka galimoto pamtsetse, ena amapopera mankhwala a udzudzu ku eya kilina. Zamtsetsezo ndi zanu, koma zopoperazo zimaphulika nthawi isanakwane, ndipo mapisitoni ndi amene amalipira.

Ndinayamba ndi kuyeza. Ndinachotsa waya wa negetivi ku batire, kenako kachitsulo kaphanthiphanthi kamene kamalumikiza mitu ya mapulagi onse anayi. Kakakhalapo, malitimita, kachipangizo koyezera magetsi, imawerenga onse pamodzi, wakufa n'kubisala mwa anzake. Waya wina pamutu pa pulagi, wina pa thupi la injini. Yamoyo imaonetsa cha m'ma ohm 1. Yakufa siionetsa kanthu. Pa silinda 3 ndi 4 panalibe kanthu.

Pulagi ya nambala 1 inamasuka bwinobwino ndi soketi yaitali ya 12, ndipo ndinaitenga popita kogula zatsopano m'mashopu a ku Malangalanga ku Lilongwe. Osangonena kuti "ndikufuna mahita a Hilux". M'mbali mwa pulagi mumalembedwa nambala ndi mphamvu ya magetsi. Zanga zinali za 11V, koma pali ma Toyota ena a 6V kapena 7V, ndipo mathiraki ambiri amayendera 24V. Mukaika ya 6V pamalo a 11V imapsa msanga n'kutupa nsonga, mwadzigulira vuto la pulagi yokakamira. Ndinagula zinayi, chifukwa ziwiri zamoyozo zinali zamsinkhu umodzi ndi zakufazo. Bokosi lolembedwa NGK, Denso kapena Bosch silitsimikizira kanthu masiku ano, choncho iliyonse ndinaigunditsa pa batire nditaigwira ndi pulayazi. Yabwino imayamba kufiira kunsonga kwenikweni m'masekondi ochepa. Yoyambira pakati ibwezeni. Kuyesa kotereku ndi kwa za 11V zokha.

Nambala 2 inatuluka. Nambala 3 ndi 4 zinakana.

Apa ndi pamene sipanala yoyeza mphamvu, torque wrench, imagwira ntchito yake. Ndinabwereka yowerenga mbali zonse ziwiri, chifukwa zina zimalira pomanga pokha. Ndinaiika pa 30, kuti ndikhale patali pang'ono ndi 35. Inalira, pulagi osasuntha, ndipo ndinasiya pomwepo. Ndinapukuta pozungulira mapulagiwo, n'kuuzira mpweya kuti mchenga usadzagwere mkati, n'kuthira WD-40 m'tsinde mwake. Ndinabwezeretsa zonse n'kumayenda nayo galimotoyo, madzulo aliwonse kuthirako mafuta ena injini ikadali yofunda. Kutentha ndi kuzizira kumasunthitsa zitsulo pang'onopang'ono, mafuta n'kupeza njira yolowera m'mazinga. Amakaniko a pagalaja sangakuchitireni zimenezi, ndipo sindiwadzudzula: kumbuyo kwanu kuli minibasi imene mwini wake akufuna ibwerere pamsewu lero lomwe.

Tsiku lobwerezanso ndinatenthetsa injini kaye. Nambala 4 inati tswa, n'kusuntha pang'ono. Musakondwe msanga ikatero. Ndinkamasula kagawo kakang'ono, kubweza, kuthira mafuta, kumasulanso, mpaka mazinga onse anatha. Komabe sinatuluke, inkangozungulira pamalo amodzi. Chimene chimagwira pamenepo ndi mwaye wouma umene umamatirira m'kabowo kodutsa nsonga. Ndinaigwira ndi pulayazi yotseka, kupotoza uku ndi uku ndikukoka molunjika, mafuta akuda bii akutsika m'mbali. Kuitema ndi sikuludiraiva kuti izuke ndi kumene kumathyola nsonga. Inatuluka yathunthu.

Nambala 3 inamasuka mazinga chimodzimodzi, koma pokoka inangobwera yopepuka. Nditaiika pambali pa yatsopano, nsonga inali yoperewera. Kachidutswa kanatsala mkati.

Zikatero musagwire kiyi. Kachitsulo kakagwera pa pisitoni injini n'kuzungulira, mwawononga pisitoni, mavavu ndi hedi nthawi imodzi. Ndamvapo anthu akulangizana kuti ingolizani, mpweya ukalavula wokha. Nthawi zina kamatulukadi, koma kamatuluka ndi liwiro lobowola diso, ndipo nthawi zina kamalowera mkati. Mwayi wa 3L ndi kachipinda kaja: nozo yopopera dizilo ndi hita pulagi zimalowa m'chipinda chimodzi, ndiye khomo lachiwiri lilipo.

Choyamba ndinakweza pisitoni ya nambala 3 pamwamba kuti itseke njira. Chizindikiro cha pa pule ya kirankishafuti chimaonetsa pamene 1 ndi 4 zili pamwamba. 2 ndi 3 zimafika mukazunguliza theka kuchoka pamenepo. Ndinazunguliza ndi dzanja, pang'onopang'ono, ndikumvetsera ngati pali chogunda. Kenako ndinamasula paipi ya dizilo, kapaipi kobweza mafuta, nozo, ndi tiwashala ta pansi pake. Ndi kachitsulo kowonda ndinakankha kachidutswa kaja kudzera m'bowo la pulagi, kugogoda mopepuka ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, mpaka ndinamva kuti gwe m'kachipindamo. Maginito sanathandize kwenikweni, chitsulo cha nsongayi sichikokeka bwino. Chimene chinagwira ntchito ndi waya wopinda kumapeto, wopaka girizi wambiri, tochi ili m'kamwa. Kanatuluka kotupa ngati mutu wa machesi. Ndinakalumikiza ndi thupi lake pa nsalu yoyera, pambali pa pulagi yatsopano, kuti ndione ngati utali ukukwana. Unakwana.

Pulagi ikadukira pa mazinga penipeni, imeneyo ndi nkhani ina. Pamafunika zida zobowolera zokhala ndi chowongolera, chifukwa dirilo ya pamanja imapatuka n'kudya hedi. Popanda zidazo ndi bwino kuchotsa hedi n'kupita nayo kwa odziwa za makina, mukonzekeretu gasiketi yatsopano.

Mabowo onse anayi ndinawayeretsa ndi kabowolero kolingana ndi nsonga, kopaka girizi kuti mwaye uzimatirira, kuzunguliza ndi zala basi. Ndinazula waya wa solenoidi pa pampu kuti dizilo asapite, n'kuzunguliza sitata pang'ono mabowo ali pululu, nyenyeswa zotsala n'kuuluka. Mapulagi atsopano ndinawapaka girizi wosamva moto m'mazinga mokha, osafika kunsonga, ndi kuwalowetsa ndi zala mpaka atakhala. Pomanga ndi 13 Nm, imene m'dzanja imamveka ngati simunamange. Isiyeni choncho. Tinati ta pamutu timafuna kungogwira; mukakanikiza, kamtengo ka mkati kamapotoka pulagi n'kufa isanagwire ntchito. Nozo inabwerera ndi washala watsopano, ndipo mpweya wa m'paipi ndinautulutsa posiya nati yosamanga mpaka dizilo atayamba kulavuka.

Nsonga siitupa popanda chifukwa, ndiye ndinafufuza zinthu ziwiri. Rile ya mahita, swichi yowapatsa magetsi, inali bwino: malitimita inaonetsa kuti magetsi akufika pa kachitsulo kolumikiza mapulagi kaja ndi kuduka okha patapita kanthawi. Nozo ya nambala 3 ndinali nditapita nayo koyeza ndisanaibwezeretse, ndipo pa makina inkadontha m'malo mopopera nkhungu. Dizilo wodonthayo ndi amene ankayakira pa nsonga n'kuiotcha. Oyezawo anaisintha kamutu, ndipo anayezanso zitatu zinazo nditazibweretsa.