Njerwa zafika kale pa sitandi, pulani ikadali mu laputopu

Sabata ino yandithera pa nyumba imodzi basi, ya mayi ena akwathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg koma sitandi anagula konkuno ku Harare, cha ku Dzivaresekwa. Ine ntchito yanga ndi kujambula mapulani a nyumba ndi kuwayendetsa ku khonsolo mpaka chidindo chitagwa, ndiye Lolemba m'mawa ndangoyatsa data ndapeza ma voice note ambirimbiri pa WhatsApp ndi chithunzi cha nyumba ya pa Facebook, yosanjikiza, magalasi okhaokha kutsogolo, galaja ya magalimoto awiri, akuti achimwene ndikufuna ngati iyiyi. Sitandi yake ndi ya 300 square metres. Ndinangowayankha kuti mayi yambani mwanditumizira mapepala, agreement of sale kapena title deed, dayagilamu ya saveya ndi risiti ya ma rates, msonkho wa malo wa ku khonsolo, zokongolazo tikambirana pambuyo.

Lachiwiri ndinakwera kombi kukaona malowo, amene anandilandira ndi mlongo wawo, bambo achikulire ndithu, ndipo chinthu choyamba kundionetsa monyadira chinali mulu wa njerwa, ati tabweretsa kale sabata yatha. Eeh. Tinayamba kusaka mapegi a saveya muudzu, atatu tinawapeza koma lachinayi linali litakwiririka pansi pa durawall, mpanda wa konkire, wa neba, ndiye ndawauza aitane saveya adzalozenso malire, ine tepi yanga siingagamule mlandu wa malire. Chachiwiri paipi ya suweji ya khonsolo ikudutsa kumbuyo kwa sitandi, manhole ikuoneka bwinobwino, ndipo pamwamba pa paipi imeneyo sumanga olo utalira bwanji chifukwa tsiku limene yatsekeka a khonsolo akubwera kudzakumba. Chotsaninso building line, mpata umene umasiya kumsewu ndi m'mbali mwa maneba, mupeza kuti 300 uja wafota kwambiri. Kenako dothi. Ndinapempha khasu tikumbeko pang'ono, ndi makande akuda aja omata, nthawi ya dzinja amafufuma, chilimwe amang'ambika, nyumba ya fawundeshoni wamba pa dothi lotere mvula ikangodutsa kangapo khoma layamba kale ming'alu. Harare malo ambiri ndi madambo, ena ngati Monavale ndi otetezedwa kumene, ndiye ndimafuna kuona kaye kuti sitandiyo ilidi pa layout yovomerezeka, ma land baron, ogulitsa malo mwachinyengo, agulitsa anthu madambo ambiri mu tawuni muno. Iyi mwamwayi mapepala ake ali bwino.

Bambo aja anati koma mwana wanga anzathu onsewa anamanga opanda pulani bwanji akukhala. Ndinawafunsa ngati 2005 anali kuno, anangoseka chapansipansi. Chaka chimenecho Murambatsvina, kampeni ya boma la Zimbabwe yogwetsa zomangidwa popanda chilolezo, anagumula makoteji ndi zipinda zowonjezera ku Mbare, Highfield, Epworth ndi kwina konse, lipoti la United Nations la mayi Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama, ndipo ife ana a anthu ochokera ku Malawi zinatiwawa mwapadera chifukwa pouzidwa kuti bwererani kumudzi ambiri analibe mudzi woti apiteko, agogo awo anabwera kalekale kudzagwira m'mafamu ndi m'migodi. Amene anatha kutulutsa pulani yachidindo ndiwo anali ndi pokambira. Nkhaniyo sitinaipitirize.

Lachitatu ndi Lachinayi kunali kujambula, magetsi akumapita akumabwera, laputopu ndikutchajira pa inveta ya neba. Site plan, floor plan, ma elevation, maonekedwe a kunja a mbali zonse zinayi, section yoonetsa kuyambira fawundeshoni mpaka denga, ndi drainage kuonetsa mmene madzi a kubafa ndi kuchimbudzi akakalowere mu suweji. Usiku video call ndi mwini nyumba, apa ndiye panali mkangano wokoma. Amafuna chipinda chimodzi chapakati chopanda windo ati chikhale chogona alendo, ndati ayi, Model Building By-Laws a 1977 aja akugwirabe ntchito, chipinda chogona munthu chimafuna kuwala ndi mpweya wochokera panja ndipo a zaumoyo akachiona pa pepala abweza pulani yonse. Tachisandutsa chosungiramo katundu, alendo agona kwina. Za upstairs ndawawerengera kuti pafunika structural engineer asainire silabu ndi mapilala, zitsulo zichuluka, atamva mtengo anangoti tiyeni tiyambe pansi kaye. Injiniya tikumufunabe chifukwa cha makande aja, ndiye ndamupempha apangiretu fawundeshoni yoti idzanyamule chipinda chapamwamba mtsogolo, kusiyana ndi kudzaswa nyumba yomalizidwa. Galaja yatsala ya galimoto imodzi ndipo khitchini taikulitsa, iwo eni ati nsima ya pamaliro kapena pachinkhoswe sikuphikika mu kakhitchini ka pa chithunzi kaja, apo ndinagwirizana nawo.

Lachisanu ndasindikiza makope, injiniya wasaina ake, ndakapereka ku Cleveland House mu Leopold Takawira komwe mapulani a City of Harare amalowera. Ndalama yolipira imatengera kukula kwa nyumba, ndipo pulani siikhala pa desiki imodzi, imazungulira kwa a town planning, a zaumoyo, a madzi ndi suweji, aliyense ayikepo ndemanga yake, pakakhala chokonza amakuitana ukonze ubwezenso. Ikadutsa mpamene inisipekita amayamba kubwera pa sitandi siteji ndi siteji, setting out polemba nyumba pansi, ngalande za fawundeshoni konkire isanathiridwe, silabu, window level, wall plate pamene khoma lafika pokhala denga, denga lenilenilo, mapaipi asanakwiriridwe, pomaliza certificate of occupation, pepala lokulola kulowa m'nyumbamo. Ukadumpha siteji imodzi akhoza kukuuza kuti fukula tione, ndipo ku banki kapena pogulitsa nyumba amafunsa mapepala omwewa.

Ndikutuluka mu ofesimo foni ikulira, bambo aja, ati bilidala wapezeka wotchipa akufuna ayambe kukumba mawa Loweruka poti mapepala alowa kale. Ndawauza kuti kulowa si kudutsa, bilidala adikire, panopa apeze waya azungulize njerwazo ndi mnyamata wogona pompo chifukwa zayamba kale kuchepa mbali ya kumsewu. Saveya abwera Lachiwiri kudzaona pegi ija.