Losartan ndi zipsera za m'chiwindi: khoswe anayamba liti kumwa mankhwala?

Chiwindi chikamavulala kawirikawiri, maselo ena otchedwa stellate, amene ntchito yawo ndi kusunga vitamini A, amasintha khalidwe. Amataya vitaminiyo n'kuyamba kupanga collagen wambiri, ndipo collagen ameneyu ndiye chipsera. Mu 2000, Ramón Bataller ndi anzake ku Barcelona anaonetsa kuti angiotensin II, mankhwala opangidwa ndi thupi lomwe amene amapanikiza mitsempha n'kukweza BP, amachititsanso maselowa kukhwinyata ndi kuchulukana kudzera pa kachitseko kotchedwa AT1. Mankhwala a BP otchedwa losartan ndi candesartan amatseka kachitseko komweko. Ena otchedwa captopril ndi perindopril amachepetsa kapangidwe ka angiotensin II.

Pa makoswe zinaoneka bwino. Mu 2001, gulu la Hitoshi Yoshiji ku Japan linapeza kuti candesartan ndi perindopril zinachepetsa zipsera mwa makoswe obayidwa seramu (madzi a m'magazi) ya nkhumba pofuna kuwavulaza chiwindi. Njira zina zofala zovulazira chiwindi ndi kumanga mtsempha wa ndulu kwa milungu 2 mpaka 4, kapena kubaya khoswe poizoni wotchedwa carbon tetrachloride wosakaniza ndi mafuta a olive kawiri pa mlungu kwa milungu 6 mpaka 8. Kenako amadula chiwindi, n'kupaka utoto wa Sirius red umene umafiiritsa collagen, n'kuyezanso hydroxyproline, chinthu chopezeka kwambiri mu collagen. Utoto wokha sukwanira, chifukwa kachidutswa kamodzi kangathe kugwera pamalo amene chipsera ndi chochepa.

Mlingo nawo umasokoneza ambiri. Mamiligalamu 10 pa kilogalamu kwa khoswe sawerengedwa chimodzimodzi kwa munthu. Amagawa ndi 6.2, zomwe zimapereka pafupifupi 1.6, ndiye kuti mamiligalamu ngati 100 kwa munthu wa makilogalamu 60.

Koma pofunika kuyang'anitsitsa ndi tsiku loyamba mankhwala. M'kafukufuku wambiri, khoswe amapatsidwa mankhwala tsiku lomwelo limene ayamba kumuvulaza chiwindi. Uku ndi kuteteza, osati kuchiza. Munthu amafika kuchipatala patatha zaka zambiri akumwa mowa kapena ali ndi hepatitis B, collagen atalukana kale n'kuuma. Komanso khoswe akasiya kubayidwa carbon tetrachloride, zipsera zake zimayamba kuzilala zokha, choncho popanda gulu loyerekezera losalandira mankhwala, losartan angatamandidwe pa ntchito ya chiwindi chenicheni.

N'chifukwa chake zotsatira za anthu ndi zofooka. Kafukufuku wa mu 2009 ku Barcelona anapereka losartan wa mamiligalamu 50 tsiku lililonse kwa miyezi 18 kwa odwala hepatitis C okwana 14 okha, popanda gulu la mapiritsi opanda mankhwala. Wa ku Britain wotchedwa FELINE, wa chiwindi cha mafuta, analephera kupeza odwala okwanira.

Ndipo kwa wodwala amene madzi adzaza kale m'mimba, mankhwalawa ndi oopsa. Pamenepo angiotensin II ndiye akugwirizira BP ndi kusefa kwa impso. Mukamutseka, BP imagwa ndipo impso zimatha kuima.